Mizere Iwiri pa Pepala la Atate

Lachiwiri, 7 Juni 1983

Kwacha kozizira. Kamphepo kakudzera pansi pa chitseko cha wodi, ndipo kunja nkhungu yakhala pamitengo ya jakaranda. Ndikumva mawilo a kangolo ka tiyi akulira m'khonde, zidebe za amayi okolopa, ndi mabasi akuwomba hutala kumsewu. Ku mapeto a wodi munthu wina wakhala akutsokomola kuyambira mbandakucha.

Ndine Killian Shawa wa ku Kabwata, zaka 16, Fomu 3. Anandigoneka Lamulungu, bedi 13. Kope ili ndi la sayansi, ndayambira kumbuyo.

Matenda ndi omwe aja, sikoselo, matenda a magazi obadwa nawo. Miyendo ndi msana zikuwawa ngati wina akukhomamo misomali. Kutentha 39.2. Magazi 5.8. Dilipi botolo lachinayi. Jekeseni ya pefidini yochepetsa ululu pakatha maola asanu ndi limodzi, penisilini, kolorokwini, ndi kapilitsi kachikasu ka foliki asidi.

Dzanja latopa.

Lachitatu, 8 Juni

Kutentha 38.6. Ndamwa phala theka la mbale.

Pa bedi 14 pali mdala wotupa miyendo, ba Chalwe. Ankagwira ntchito ku njanji. Akuti mtima wawo wakula. M'mawa anandifunsa dzina. Nditawauza anafuula:

“Shawa! Sista, mwaniika pafupi na mudya mbeba? Bisani buledi wanga!”

Iwo ndi Mbemba wa ku Kasama, ine Mngoni, ndiye kuti ndife achimbuya. Akhoza kundinyoza mmene angafunire, ine sindiyenera kukwiya, ndiyenera kubweza. Koma ine sindinazolowere kucheza. Kusukulu ndimakhala pakhonde anzanga akamasewera mpira. Ndinangoyang'ana kudenga.

“Bweza, iwe mwaiche! Mngoni wa bwanji alibe pakamwa?”

Ndinati, “Inu mumadya anyani.”

“Eya! Sista, chotsani dilipi, uyu wachila.”

Nditawauza kuti amayi anga ndi Mbemba wa ku Mporokoso anagwira pachifuwa. “Kanshi uli na theka la munthu. Theka linalo tizapemphelela.”

Ndinaseka, nthiti zinawawa.

Lachinayi, 9 Juni

Kutentha 38.4. Asuntha dilipi kupita kudzanja lamanzere, ndiye lero ndilemba zambiri.

Amayi amabwera nthawi ya alendo ya masana, atate ya madzulo. Palibe anapangana zimenezi, koma sakumana. Lero amayi abwera ndi mbatata, zomwe iwo amati kandolo, ndi chibwabwa chotendera, ndiwo ya masamba a maungu. Anandisisita mapazi mpaka belu linalira.

Ndilembe chifukwa chake sakhala kwathu. Tinabadwa asanu. Woyamba, Norbert, anamwalira ali ndi zaka zinayi, ine ndili kumsana. Mpaka lero amayi amaitanidwa bana Norbert, kutanthauza amake Norbert. Kenako ine, Febby wa zaka 11 amene sadwala, Bernadette, ndi Imelda wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Bernadette tinamuika mu Malichi, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Matenda ake anali ngati angawa.

Kumaliro kunabwera azakhali a Winifred, mlongo wamkulu wa atate, kuchokera ku Chipata, ndipo sanabwerere. Tsiku lililonse ankati kwa a Shawa kulibe matenda otere, abwera ndi magazi a kumpoto. Ankanena akutsuka mbale, ankanena popemphera. Mu Epulo amayi anamanga katundu napita ku Chelstone kwa amalume a Chisanga, ndi Imelda chifukwa akuyamwa. Ine ndi Febby tinatsala, pakuti kwa Angoni ana ndi a bambo. Atate sanawathamangitse. Sanawaletsenso. Anaima pakhomo atagwira nyuzipepala.

Febby wandinong'oneza dzulo kuti azakhali apeza mkazi wina ku Chipata. Atate atenga tchuthi pa 1 Julaye kuti akamuone. Kwatsala masiku 22.

Lachisanu, 10 Juni

Magazi 5.1. Akuti mawa andiika magazi.

Kwabwera dokotala wina wamkazi, Dokotala Mpundu, amene si wa wodi ino. Akufufuza mabanja a anthu a sikoselo. Anakhala pa bedi langa ndi pepala lalikulu, nandifunsa abale anga onse. Mwamuna amalemba kabokosi, mkazi kamkombero. Wodwala amamudetsa ndi pensulo, womwalira amamudula ndi mzere. Norbert ndi Bernadette anawadetsa nawadula. Ine anandidetsa chabe.

Ndinafunsa ngati n'zoona kuti matendawa achokera kwa amayi. Anaika pensulo pansi.

Ndilemba monga ananenera, kuti ndisaiwale. Munthu aliyense amalandira magawo awiri a kapangidwe ka magazi, limodzi kwa bambo, limodzi kwa mayi. Gawo labwino amalitcha A, la sikoselo S. Wa AA ali bwino. Wa AS alinso bwino, sadziwa n'komwe kuti ali nalo, ndipo malungo samugwira kwambiri. Wodwala ndi wa SS yekha.

“Iwe uli SS,” anatero. “S imodzi ni ya amai ako. Nanga inayo unaitola ku Cairo Road?”

Ndinawapempha abwereze. Anabwereza. Mwana sangadwale ndi gawo la mbali imodzi.

Mwina madokotala akale anawauzapo atate zimenezi m'Chizungu chothamanga, iwo anangomva kuti ndi matenda a makolo. Azakhali ndiwo anasankha makolo ake.

Ndinafunsa chifukwa chake amavutika ndi ntchito imeneyi pamene matendawa alibe mankhwala. Anati ana ambiri amafa asanadziwike chomwe akudwala, ndipo ukadziwa msanga umawateteza ku malungo ndi kuzizira. Anatinso akufuna kudziwa chifukwa chake ena a SS amafa ndi zaka zinayi, ena amafika Fomu 3. Ndiye anaonetsa mulu wa mapepala m'chikwama chake. “Mabanja makumi asanu na limodzi. Theka la azimai awa anathamangitsidwa.”

Akufuna magazi a onse a m'nyumba mwathu. Amawaika pa kapepala konyowa, nayendetsapo magetsi, ndipo pamatuluka mizere. A ali ndi malo ake, S malo ake. Pepala la atate likatuluka ndi mizere iwiri, azakhali sadzakhala ndi chonena, ndipo amayi adzabwera.

Loweruka, 11 Juni

Magazi botolo limodzi, kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko. Ndinanjenjemera. Kutentha 39.5.

Ba Chalwe akuti ndi magazi a Mbemba, mawa ndidzuka ndi nzeru.

Lamulungu, 12 Juni

Kutentha 38.0. Ululu wachepa. Pefidini asiya, tsopano ndi mapilitsi.

Masisitere anabwera kudzaimba. Madzulo atate anabwera ndi azakhali, atanyamula malalanje ndi kachidutswa ka sopo. Akuti Febby anaima pamzere kuyambira m'mawa kuti akapeze.

Ndinawafotokozera za A ndi S. Ndinajambula m'kope muno. Atate anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, sindinagonepo m'chipatala. Magazi anga akawafune chiyani?”

Azakhali anati, “Kadokotala kameneko n'ka kwawo kwa amako. Mpundu si dzina la kwathu. Akufuna kupaka mlongo wanga matenda.”

“Azakhali, ndi magetsi amene amaonetsa, osati munthu.”

“Magetsiwo amayatsa ndani?”

Atate anati ndisamalankhule kwambiri, ndingatope. Anandisendera lalanje. Sindinadye.

Ba Chalwe anali atafunda bulangete kumutu. Ndinaona kuti sanagone.

Lolemba, 13 Juni

Kutentha 37.8. Ndayenda mpaka kubafa ndekha.

Amayi abwera ndi Febby, amutenga kusukulu azakhali osadziwa. Anapereka mkono kwa Sista Kampamba osafunsa kanthu. Febby analira asanamubaye.

Imelda anali panja ndi mkazi wa amalume, chifukwa makanda saloledwa muno. Amayi anati, “Uja musiyeni, ni wonenepa, alibe vuto.” Dokotala anati akhoza kudikira. Ine ndine ndinakakamira. Ndinati pepala likhale lodzaza, azakhali asapeze pogwira. Anamubaya kuchidendene pakhonde. Ndinamva kulira kwake ndili pabedi.

Lachitatu, 15 Juni

Dilipi achotsa. Magazi 7.4.

Atate anabwera madzulo ndi azakhali. Asanakhale n'komwe, ba Chalwe anadzuka natsamira pilo, nalankhula kuti wodi yonse imve.

“Ba Shawa! Nimvela ati muyopa nsingano.”

Atate anamwetulira pang'ono. “Mwaswera bwanji, mdala?”

“Naswela na manyazi. Makolo anu anayenda na mikondo kuchoka kum'mwela mpaka ku Chipata. Mdzukulu wao kansingano ka sista athawa. Ni mbeba izi, zakulowani mu mtima.”

Anthu anaseka mpaka ku bedi 20. Atate anati, “Mdala, izi ndi za m'banja.”

“Banja liti? Ine ndine mbuya wanu. Nikafa ndimwe mukumba manda anga, so nikamba vamene nifuna. Mwaika ana awili. Mwana wathu wamkazi mwamusiya ayende na kachikwama monga wakuba. Manje kapepala chabe muthawa? Ngati magazi anu ni oyela, onetsani tione.”

Munthu wina aliyense akanati anene zimenezo, atate akanatuluka osabweranso. Azakhali anaimirira. “Bambo inu, simutidziwa ife.”

“Khalani pansi, mayo. Imwe nizakukwatilani nikachila, ng'ombe nizabweleka kwa alongo anu.”

Anthu anasekanso, ngakhale Sista Kampamba. Atate anaseka nawo. Mbuya sumukwiyira pagulu. Anavula jekete, naipinda bwinobwino, nakwinya dzanja la malaya.

“Sista, bwerani ndi nsingano yanu,” anatero. “Mutenge yaikulu, wodya anyaniyu aone.”

Pobayidwa anayang'ana kukhoma. Ba Chalwe anawomba m'manja, kenako anayamba kubanika, ndipo anawaika mpweya.

Lachisanu, 17 Juni

Kutentha 37.2. Zotsatira zituluka Lolemba.

Dokotala Mpundu ananditenga pa njinga ya odwala kukaona magazi anga pa makina oonera tinthu tating'ono. Ena ndi obulungira, ena opindika ngati mwezi watsopano. Opindikawo ndi amene amatsekereza m'mitsempha. Zaka zonsezi andipweteka, lero ndiye ndawaona. Ndi okongola, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa.

Ba Chalwe sakudya. Akazi awo, bana Chibesa, amakhala ndi amayi pakati pa mabedi athu awiri, kucheza m'Chibemba chapansipansi. Lero amayi anaseka. Ndinali nditaiwala kuti akamaseka amatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Ba Chalwe anachotsa chopumira nandiuza, “Mwaiche, kapepala kakabwela osayembekeza vambili. Pepala sipepesa munthu.”

Lamulungu, 19 Juni

Kuzizira kwambiri. Bondo lamanja layambanso. Mapilitsi awiri.

Kwatsala masiku 12.

Lolemba, 20 Juni

Dokotala anaitana onse 2 koloko, m'kachipinda ka sista. Aka n'koyamba amayi ndi atate kukhala m'chipinda chimodzi kuyambira Epulo. Amayi anakhala pafupi ndi chitseko, Imelda ali kumsana. Azakhali analowa osaitanidwa.

Anayala timapepala tisanu patebulo. Amayi, mizere iwiri, AS. Febby, mzere umodzi pamalo a A. Ine, mzere umodzi pamalo a S. Atate, mizere iwiri, chimodzimodzi amayi. Ukawaika pamodzi sungadziwe la mwamuna ndi la mkazi.

Ndinayang'ana azakhali. Ndinali nditakonzeka kukondwa.

Ndiye dokotala anakankha kapepala kachisanu pafupi ndi kanga. Imelda. Mzere wake unali pamalo omwewo ndi wanga.

Amayi sanalire. Anamasula chitenje, namutsitsira pamiyendo, nayamba kumuyang'ana zala. Anati mu Meyi zinatupa, ankaganiza kuti walumidwa ndi kachilombo.

Dokotala anati makolo onse akakhala AS, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa inayi wobala wodwala. Atate anati, “Ana asanu, odwala anayi. Umodzi mwa inayi wanuwo uli kuti?” Dokotala anayankha kuti mimba iliyonse imayamba payokha, sikumbukira inzake.

Azakhali anafunsa, “Nanga akakwatira mkazi wopanda S wakeyo, ana adzadwala?”

Dokotala anati, “Sadzadwala.”

Azakhali anatembenukira atate. “Mwamva nokha, Ezekiel.”

Zimenezo sindinaziganizire. Masiku onsewa ndinkawerenga mbali imodzi.

Atate anatenga kapepala kawo, nakayang'ana pafupi ndi zenera. Anati, “Alongo, Matthew ndi John anafa ndi chiyani?” Ine mayina amenewo sindinawamvepo. Azakhali anati anali malungo. Atate anati, “Maso achikasu aja. John ankalira miyendo, inu mumamubereka. Amayi athu sanali a kumpoto.” Azakhali anatuluka.

Atate anapinda kapepala, nakaika m'thumba la jekete momwe mumakhala khadi la chipani. Anatsegula pakamwa kuyang'ana amayi. Amayi anali atabereka kale Imelda. Anati basi ya ku Chelstone imavuta madzulo, napita.

Ndine ndinati amubaye.

Lachiwiri, 21 Juni

Ba Chalwe amwalira 11 koloko m'mawa, madokotala atangodutsa. Anatchinga bedi ndi makatani obiriwira. Ndinaona mapazi a bana Chibesa pansi pa katani, kenako ndinamva mfuu.

M'mawa ndinali nditawauza za mizere iwiri ya atate. Anatsinzina diso limodzi. Za Imelda sindinawauze.

Buledi wawo watsala pa kabati. Sindinadye masana.

Lachitatu, 22 Juni

Kutentha 37.0. Magazi 7.9. Bondo lili bwino.

Dokotala Mpundu anadetsa kamkombero ka Imelda ine ndikuona. Ndinawauza kuti ndikanangokhala chete. Anati S ija inalimo kale asanamubaye. Tsopano ayamba foliki asidi ndi kolorokwini, azivala masokosi, ndipo akatentha thupi azithamanga naye tsiku lomwelo. Norbert sanapeze mwayi umenewo. Ndinamva, koma sizinandipepukitse.

Masana sikunabwere munthu. Madzulo atate anakhala mphindi khumi. Anafunsa sista komwe kuli nyumba ya maliro.

Pa bedi 14 agonekapo mnyamata wa chifuwa. Salankhula.

Lachinayi, 23 Juni

Aika ba Chalwe lero ku manda a Chingwere.

Amayi anafika mochedwa, belu la masana litatsala pang'ono. Duku lawo, mapewa ndi tsaya limodzi zinali zoyera ndi ufa. Pa maliro a Mbemba, Angoni ndiwo amakumba manda, kunyamula bokosi, ndi kupaka ufa anamfedwa ndi a mtundu wawo onse kuti misozi isachuluke.

Ndinati, “Amayi, wakupakani ndani?”

Anakung'untha phewa, koma tsaya sanapukute.

“Atate ako. Anapempha chilolezo ku nchito, afika na fosholo m'mawa. Akumba mpaka manja atupa. Manje potuluka ku manda, anthu onse aona, abwela na ufa mu kapepala.”

“Ananena chiyani?”

“Ati, ‘Bana Norbert, inenso ndili nayo.’ Chabe.”

“Inu munayankha chiyani?”

“Pa malilo sukwiyila mbuya. Ninangoima.”

Ndinafunsa ngati abwera kunyumba. Anati ndidye kandolo wanga asanazizire. Patapita nthawi anati, “Ana awili nawaika nili na mlandu pamutu. Ufa siuchotsa ivo, Killian.”

Lachisanu, 24 Juni

Magazi 8.1. Akuti mawa nditha kutuluka. Foliki asidi tsiku lililonse, kolorokwini kamodzi pa mlungu, madzi ambiri, kubweranso pa 22 Julaye. Dokotala Mpundu wandipatsa pepala lojambula banja lathu. Pamwamba pa atate wawonjezera timabokosi tiwiri todulidwa, Matthew ndi John.

Febby akuti atate aperekeza azakhali kukakwera basi ya ku Chipata m'mawa, iwo eni sanakwere. Azakhali analira pokwera. Anamupatsa Febby kolona yawo.

Za amayi Febby sakudziwa.

Loweruka, 25 Juni

Ndikulemba ndili kunyumba, ku Kabwata, pakhonde pomwe pali dzuwa.

Atate anabwera kudzanditenga 10 koloko, manja ali ndi matuza. Pa geti la chipatala tinapeza amayi atakhala pa chikwama chomwe anachoka nacho mu Epulo, Imelda ali kumsana, atavala masokosi a Bernadette. Atate anafuna kunyamula chikwamacho. Amayi anawalola, koma anati, “Kabwata ili pafupi na chipatala kupambana Chelstone. Uyu akatentha thupi sininga yembekeze basi. Osaganiza vina.” Atate anati, “Ndamva.”

M'basi anakhala mipando yosiyana. Ine ndinakhala pakati.

Amayi ayala mphasa m'chipinda cha atsikana. Mapoto awo abwezera pa shelefu pomwe ankakhala. Kapepala ka mizere iwiri atate akaika pansi pa galasi la patebulo, pafupi ndi chithunzi cha ukwati.

Tabwera kunyumba ndife awa: ine, atate, amayi ndi Imelda. Febby tinamupeza akusesa. Azakhali ali ku Chipata. Norbert ndi Bernadette ali komwe ali. Ba Chalwe sanabwerere kwawo.

Imelda wamwa kapilitsi kake koyamba, kophwanyira m'supuni. Analavula theka. Ndamuonetsa mmene ine ndimamezera.